Mapesi, masangwi ndi madeya: chakudya cha ng'ombe m'chilimwe ku Chulu

Pofika mwezi wa Okutobala, ng'ombe zambiri m'dera la zaulimi la Chulu m'boma la Kasungu zimakhala zikuoneka nthiti. Madzulo zimabwerera kukhola mimba ili tho, koma thupi likutha, mkaka ukuchepa, ndipo zazikazi sizikufuna nkhunzi. Mlimi akaona mimba yodzaza amaganiza kuti vuto ndi matenda, n'kupita kukagula mankhwala a njoka zam'mimba. Mankhwalawo ali ndi ntchito yake, koma nthawi zambiri chimene chasowa ndi chakudya chomanga thupi, chomwe akatswiri amati mapuloteni. Udzu wouma wa m'dambo ndi mapesi zimadzaza mimba popanda kudyetsa ng'ombe.

Chifukwa chake chili m'chifu chachikulu. Ng'ombe payokha siingagaye udzu. Imadalira tizilombo tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'chifumo. Tizilomboto ndi timene timaphwanya udzu n'kuusandutsa mphamvu, ndipo tikafa timagayidwa n'kukhala mapuloteni a ng'ombeyo. Kuti tichulukane, timafuna chakudya chokhala ndi mapuloteni osachepera 7 peresenti. Udzu wanthete wa mu Januwale umapitirira mulingo umenewu. Ukangochita ngayaye n'kuuma, mapuloteni ake amatsika kwambiri, ndipo mapesi a chimanga amakhala ndi 3 mpaka 5 peresenti basi. Pamenepo tizilombo tija timachepa, mapesi amakhalitsa m'chifu osagayika, ndipo ng'ombe imalephera kudya ena chifukwa malo mulibe. Imadya pang'ono, ndipo pang'onopo n'chakudya chosathandiza.

Masamu ake ndi osavuta. Ng'ombe ya mkaka yolemera makilogalamu 400 imafuna magalamu 350 mpaka 400 a mapuloteni pa tsiku pongosamalira thupi lake, ndi magalamu ena 80 mpaka 90 pa lita iliyonse ya mkaka. Ikamadya mapesi okhaokha, kawirikawiri siipitirira makilogalamu 7 pa tsiku, ndipo m'menemo imapezamo magalamu osafika 300. Ngakhale a thupi lokha sakukwana. Koma ng'ombe yoti yangobereka kumene siileka kutulutsa mkaka chifukwa cha njala. Imasungunula mafuta ndi mnofu wake kuti thole liyamwe. Mkaka umene mlimi amakama mu Seputembala ndi mnofu wa ng'ombe yake.

Zotsatira zake zimaonekera mochedwa, n'chifukwa chake alimi ambiri sazilumikiza ndi chakudya. Bere la ng'ombe limatenga masiku pafupifupi 280. Kuti ibereke chaka ndi chaka, iyenera kutenga bere lina pasanathe masiku 85 chiberekereni. Ng'ombe yoonda imachedwa kufuna nkhunzi, ndipo m'malo mwa thole limodzi pa chaka mlimi amapeza limodzi pa zaka ziwiri. Kuonda kumachepetsanso mphamvu yolimbana ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, komanso, m'midzi yoyandikana ndi Kasungu National Park, matenda ofalitsidwa ndi ntchentche za kashembe. Ng'ombe zapangolo nazo zimafika nthawi yolima zili zofooka, pamene ntchito yazo ndiyo yachuluka.

Chakudya chili m'munda wa kasinthasintha

Ubwino wa chigwa cha Kasungu ndi woti kalimidwe ka fodya kamapereka kale chakudya chomwe ng'ombe zikusowa. Fodya safuna kubwerezedwa pa malo amodzi, ndipo m'zaka zimene munda ukupuma alimi amabzalamo chimanga, mtedza kapena soya. Masangwi a mtedza osamalidwa bwino amakhala ndi mapuloteni 10 mpaka 15 peresenti, kuposa mapesi kawiri kapena katatu. Zimenezi si zachilendo m'chigawo chapakati. Ntchito yonenepetsa ng'ombe m'khola, yomwe inayamba m'Malawi kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, inkayenda kuno ndi zinthu zitatu: mapesi, masangwi ndi madeya. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a pa malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, monga B.H. Dzowela ndi J.T. Munthali, anafufuza njira zothandizira kuti ng'ombe zipindule ndi mapesi. Kafukufuku wamtunduwu, kuno ndi m'maiko ena, amagwirizana pa mfundo imodzi: mapesi amayamba kugwira ntchito akaphatikizidwa ndi chakudya cha mapuloteni, chifukwa tizilombo ta m'chifu tikadya bwino timagaya mapesi mofulumira, ndipo ng'ombe imadya ochuluka.

Vuto la masangwi ndi loti thanzi lake lili m'masamba, ndipo masambawo ndi amene amayamba kutayika. Mtedza ukazulidwa n'kusiyidwa pansi padzuwa kwa milungu, masamba amayoyoka, chiswe chimalowa, ndipo chotsala ndi timitengo. Kuzula mtedza mochedwa, masamba atatha kale ndi matenda a mawanga, kumachitanso chimodzimodzi. Masangwi abwino ndi ouma koma obiriwirabe. Kuumitsa mtedza pa mulu wa Mandela cock kumateteza mtedza ndi masangwi omwe. Akamaliza kuthothola, masangwi amangidwe m'mitolo n'kuikidwa pa thandala, pamthunzi, pomwe mphepo ikudutsa.

Malo otero ku Chulu alipo kale. Chigafa chimakhala chopanda kanthu fodya akangopita ku msika wa Chinkhoma, ndipo chinamangidwira ntchito yomweyi youmitsa masamba pamthunzi. Chofunika ndi kusesa bwinobwino zinyenyeswa za fodya musanalowe masangwi, chifukwa chikonga cha m'fodya ndi poizoni kwa ng'ombe. Pa chifukwa chomwecho ng'ombe zisaloledwe m'munda momwe ziputu za fodya zaphukiranso. Nthawi ya dzinja sizingazikhudze, koma mu Okutobala chilichonse chobiriwira chimakopa. Kuzula ziputu, komwe alangizi a fodya amalimbikitsa pofuna kuchepetsa tizirombo ndi matenda, kumatetezanso ziweto.

Chachiwiri ndi udzu wa Rhodes. Mtundu wa Katambora unatchuka m'minda ya fodya ya ku Zimbabwe ndi m'maesiteti a kuno chifukwa umachepetsa timinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu ya fodya. Mlimi amene waubzala popumitsa munda amakhala wapha tizirombo komanso wapeza udzu wosunga. Koma uyenera kumwetedwa ukangoyamba kutulutsa ngayaye, cha mu Febuluwale kapena Malichi, n'kuumitsidwa masiku awiri kapena atatu a dzuwa. Nthawi imeneyi ndi yomwe banja lonse lili pa kalikiliki wothyola ndi kusoka fodya, ndiye udzu umadikira mpaka Meyi. Pofika Meyi umakhala wochuluka ndithu, koma wosasiyana kwenikweni ndi mapesi. Mlangizi amene akulimbikitsa udzu wa Rhodes popanda kukambirana ndi banja za amene adzaumwete m'mwezi wa Malichi sanamalize ntchito yake.

Mitengo ya chakudya cha ziweto imatseka mpata wotsala. Masamba a lukina ndi gilisidiya amapitirira 20 peresenti ya mapuloteni. Ku Embu m'dziko la Kenya, kafukufuku wa mabungwe a KARI ndi ICRAF m'zaka za m'ma 1990 anaonetsa kuti makilogalamu 3 a masamba aawisi a kaliyandira amapereka mkaka wofanana ndi kilogalamu imodzi ya chakudya chogula cha ng'ombe za mkaka, ndipo mitengo pafupifupi 500 imakwanira ng'ombe imodzi chaka chonse. Kaliyandira amakonda madera onyowa kuposa Kasungu, choncho kuno lukina ndi gilisidiya ndi amene ali odalirika. Lukina analimbikitsidwa kwambiri m'Malawi m'zaka za m'ma 1970, ndipo anabwerera m'mbuyo m'zaka za m'ma 1990 kutabwera kachirombo koyamwa nsonga zake. Akadali wothandiza, bola asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse, chifukwa ali ndi poizoni wa mimosine yemwe amathothola ubweya ndi kuchepetsa chilakolako cha chakudya. Gilisidiya ng'ombe zimamukana poyamba chifukwa cha fungo. Akafota kwa tsiku limodzi zimazolowera. Popeza mitengo imeneyi imachepa masamba m'chilimwe, ndi bwino kusadza mu Malichi ndi Epulo, kuumitsa pamthunzi ndi kusunga m'matumba. Nyemba za nsangu, zomwe zimagwa m'chilimwe momwemo, ndi zaulere kwa amene angatole mbuzi zisanafike.

Powerengera pa pepala, chakudya cha tsiku limodzi cha ng'ombe ya makilogalamu 400 ija chikhoza kukhala chotere: makilogalamu 5 a mapesi odulidula, omwe akupereka magalamu pafupifupi 180 a mapuloteni; makilogalamu 3 a masangwi, magalamu 320; kilogalamu imodzi ndi theka ya lukina wouma, magalamu 300; ndi makilogalamu 3 a madeya, magalamu 270. Zonse pamodzi ndi magalamu 1,070, okwanira thupi ndi malita 8 a mkaka. Palibe chogula m'sitolo kupatula mchere. Pa miyezi isanu ya Julayi mpaka Novembala, ng'ombe imodzi idzafuna makilogalamu 450 a masangwi, ndipo chiwerengero chimenechi ndi chimene mlimi wachitsanzo ayenera kukhala nacho m'mutu pa nthawi yokolola mtedza. Ngati masangwi ndi ochepa, asagawidwe kwa khola lonse. Ayambe ndi ng'ombe zokamidwa, zabere lalikulu, ndi zapangolo mwezi umodzi mvula isanagwe.

Pali njira inanso yothira Urea m'mapesi: makilogalamu 4 a Urea osungunulidwa m'madzi amawazidwa pa makilogalamu 100 a mapesi, n'kufundika ndi pulasitiki mosalowa mpweya kwa milungu itatu. Mapesi amafewa ndipo mapuloteni ake amawirikiza pafupifupi kawiri. Njirayi imagwira ntchito, koma alimi ambiri m'maiko osiyanasiyana sanaipitirize, ndipo n'zosadabwitsa: feteleza ndi wodula, madzi ndi osowa, ndipo Urea wosasungunuka bwino amapha ng'ombe m'maola ochepa. Kumene kuli masangwi, kuyamba ndi Urea n'kulambalala njira yachidule.

Ng'ombe ikamatafuna mafupa, zikuni, dothi kapena majumbo, kawirikawiri ikusowa mchere wa m'thupi, makamaka phosphorus. Mchere wonyambita ukhalepo nthawi zonse. Madzinso asaiwalike: pa magawo 100 a mkaka, pafupifupi 87 ndi madzi, ndipo ng'ombe yokamidwa imatha kumwa malita opitirira 60 pa tsiku lotentha. Kuimwetsa kamodzi patsiku pachitsime cha m'dambo n'kuchepetsa mkaka dala, ndipo ngati chitsimecho ndi chomwe amatsukirapo mipope yopoperera nazale ya fodya, ngozi ndi iwiri.

Zimene zimafika mu mkaka

Mafuta a mu mkaka amachokera makamaka ku chakudya cholimba monga udzu ndi mapesi. Ng'ombe ikamabzikula imatulutsa malovu ambiri omwe amateteza chifu kuti chisawawase. Mlimi wa ng'ombe yachizungu akaona kuti madeya akuchulukitsa mkaka, amakopeka kuthira chidebe chonse nthawi imodzi. Madeya ochuluka chotero amawawasitsa chifu, tizilombo togaya udzu timafa, ng'ombe imatsegula m'mimba, imasiya kubzikula, nthawi zina n'kuyamba kutsimphina, ndipo mafuta a mu mkaka amatsika pansi pa 3.5 peresenti yomwe imayembekezeka. Madeya aperekedwe kawiri patsiku, ng'ombe itayamba yadya udzu, ndipo kuonjezera kukhale kwapang'onopang'ono pa milungu iwiri. Mbali inayo, ng'ombe yanjala imatulutsa mkaka wopyapyala, womwe ukhoza kukanidwa pa malo osonkhanitsira mkaka ngati wothiridwa madzi pomwe mwini wake sanathiremo kanthu. Zakudya zafungo lamphamvu ziperekedwe akamaliza kukama.

Zonsezi zimaoneka ndi maso kapena ndi kachipangizo koyezera mkaka. Choopsa kwambiri sichioneka. Chuku chomwe chimagwira mtedza ndi chimanga chimatulutsa poizoni wa aflatoxin. Poizoniyu anadziwika mu 1960, pomwe nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mu 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chachuku. Ng'ombe yaikulu siifa msanga ndi poizoniyu, ndipo apa ndi pamene pali msampha. Chiwindi chake chimamusintha kukhala mtundu wotchedwa M1, womwe umayamba kutuluka mu mkaka pasanathe tsiku limodzi. Mkakawo suoneka wachilendo, sununkha, ndipo kuwiritsa sikuchotsa poizoniyo. Muyezo wa dziko lonse wa Codex umalola mamaikulogalamu 0.5 pa kilogalamu ya mkaka, pomwe wa maiko a European Union ndi 0.05. Aflatoxin amayambitsa khansa ya chiwindi, ndipo amene amamwa mkaka wambiri molingana ndi thupi lawo ndi ana aang'ono.

Pali njira ziwiri zomwe poizoniyu amalowera m'khola la ku Chulu, ndipo zonse zimachokera ku chizolowezi chooneka ngati chanzeru. Yoyamba ndi kusankha mtedza. Alangizi aphunzitsa bwino kuti mtedza wofota, woboola ndi wakuda uchotsedwe usanapite ku msika. Koma poizoni wambiri amakhala mu mtedza wochotsedwawo, ndipo ukathiridwa m'chodyera cha ng'ombe yokamidwa amabwerera m'nyumba kudzera m'kapu ya tiyi. Mtedza wotere ukwiriridwe kapena kutenthedwa. Masangwi nawo athotholedwe mosamala, chifukwa timtedza tosakhwima totsalira ku mizu ndi timene chuku chimakonda.

Yachiwiri ndi madeya. Pokonola, chimanga chimawazidwa madzi, choncho madeya amachoka kuchigayo ali a chinyezi. Komanso poizoni wambiri wa pa njere ya chimanga amakhala pa khungu ndi pa mtima, mbali zomwe zimapita ku madeya. Kukonola kumayeretsa ufa wa banja posamutsira vutolo kwa ziweto. Madeya akamangidwa m'thumba tsiku lomwelo amatentha mkati, amaumbika zibuma, ndipo pakangopita masiku ochepa amakhala atachita chuku. Ayenera kuyanikidwa padzuwa pa mkeka kapena pa tenti mpaka atamayoyoka m'manja, kenako n'kusungidwa pa thandala, osagunda khoma. Madeya ofunda m'thumba, a zibuma, kapena onunkha nkhungu asapatsidwe ng'ombe yokamidwa, ngakhale atasakanizidwa ndi abwino. Chakudya choipacho chikachotsedwa, mkaka umayera pakatha masiku atatu kapena anayi. M'munda, kubzala msanga, kupewa kuti mtedza uvutike ndi ng'amba kumapeto, kusanyowetsa mtedza posenda, ndi kugwiritsa ntchito Aflasafe, yemwe bungwe la IITA linakonza pamodzi ndi nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, zonse zimachepetsa poizoni asanafike pakhomo.

Mpweya, ndowe ndi dambo

Tizilombo ta m'chifu tikamagaya chakudya timatulutsa mpweya wa methane, womwe ng'ombe imageya. Mpweyawu umatenthetsa dziko kuposa wa carbon dioxide ka 28 pa zaka 100. Kwa mlimi ndi chakudya chotayika, chifukwa mphamvu yoyambira 2 mpaka 12 peresenti ya zomwe ng'ombe yadya imathera mu mpweyawo, ndipo chakudya chovuta kugaya ndi chimene chimataya yambiri. Lipoti la FAO la 2010 linapeza kuti pa kilogalamu iliyonse ya mkaka, dziko lonse limatulutsa avereji ya makilogalamu 2.4 a mpweya wotenthetsa dziko, pomwe kum'mwera kwa chipululu cha Sahara ndi 7.5. Izi sizikutanthauza kuti ng'ombe ya ku Chulu imaononga kuposa ya ku Ulaya. Payokha imatulutsa wochepa. Kusiyana kwake ndi koti imageya chaka chonse pomwe mkaka ikupereka wochepa, kwa miyezi yochepa, ndipo zaka zina osabereka n'komwe. Ng'ombe imodzi yodya bwino yopereka malita 8 imatulutsa mpweya wochepa kuposa ng'ombe zinayi zopereka malita awiri iliyonse, ndipo imapondaponda dambo pang'ono.

Kwa anthu a ku Chulu nkhani ya dambo ndi yapafupi kuposa ya mpweya. M'chilimwe ng'ombe za midzi ingapo zimaunjikana m'dambo limodzi, momwenso muli madimba ndi manazale a fodya. Udzu umadyedwa mpaka mizu, tinjira ta ng'ombe timasanduka zigwembe mvula yoyamba ikagwa, ndipo mikangano ya eni ng'ombe ndi eni madimba imathera kwa amfumu. Kutentha tchire posaka mbewa kapena pofuna msipu watsopano kumatha chakudya cha miyezi itatu m'tsiku limodzi. Kulowetsa ng'ombe m'nkhalango yotetezedwa ndi mlandu, ndipo zimabwerako ndi matenda.

Pali kukokanakokana kwenikweni pakati pa alangizi a ziweto ndi alangizi a zanthaka. Ulimi wa mlera nthaka umafuna mapesi akhale m'munda ngati chophimbira, pomwe khola likuwafunanso. Mlimi amamva mauthenga awiri otsutsana kuchokera ku ofesi imodzi ya EPA. Yankho loyenera ndi kugawa phesilo: masamba, makoko ndi kumtunda kwa phesi ndi kumene kuli chakudya, pomwe tsinde lolimba lakumunsi ng'ombe imalisiya ndithu m'chodyera, ndipo ndilo limakhalitsa pophimba nthaka. Masangwi apite kukhola, koma pa mgwirizano woti ndowe zibwerere kumunda. Gawo lalikulu la nayitulojeni yemwe ng'ombe yadya limatuluka mu ndowe ndi mkodzo, ndipo ndowe za ng'ombe yodya masangwi ndi lukina zimakhala ndi chonde kuposa za ng'ombe yodya mapesi okha. Wa mu mkodzo ndi amene amatayika msanga, pouluka ndi dzuwa kapena kukokoloka ndi mvula. Khola lofolera, lokhala ndi zoyala pansi za udzu kapena mapesi otsala m'chodyera, limagwira mkodzowo. Zoyalazo zichotsedwe pakapita masiku ochepa n'kuunjikidwa pamthunzi, mulu wake wophimbidwa, kutali ndi chitsime. Dothi lamchenga la chigwa cha Kasungu silisunga feteleza nthawi yaitali, ndipo manyowa otere akathiridwa m'mizere mu Okutobala amathandiza kuti feteleza wochepa amene mlimi wakwanitsa kugula asapite ndi mvula yoyamba.